Dzina la matenda a amuna anga

Kapepala kaja ndikadali nako. Kamakhala m'kabokosi ka makina anga osokera, pamodzi ndi singano zothyoka ndi mabatani osowa anzake. Palembedwa liwu limodzi lokha, ndi dzanja la dokotala: phaeochromocytoma. Zilembo khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndinaziwerenga ndekha ndi nsonga ya sizasi. Liwu limeneli linandidyera masabata awiri athunthu, ndipo mpaka lero ndikakaona kapepalako mtima umandipsa.

Ine ndimasoka mayunifomu a ana asukulu pamsika wa Kabwata. Sukulu ndinalekera giredi naini. Chingerezi cha makasitomala ndimachimva, cha pa wailesi ndimatolako apa ndi apo, ndipo sindinaonepo kuti ndikusowa china. Amuna anga amakonza mafiriji. Tonse ndife akummawa, koma makolo anga anakhazikika mu Lusaka muno kalekale, pamene a amuna anga akadali ku Katete.

Chaka chimenecho amuna anga anayamba kudwala matenda osamvetsetseka. Munthu ali khale pampando, mwadzidzidzi thukuta kamukamu, mtima ukugunda mpaka malaya kumagwedera, mutu ukuwang'amba. Pakapita kanthawi zonse zija zii, adzuka n'kumaitanitsa tiyi. Kenako anayamba kuonda. Thalauza lawo lakutchalitchi ndinalibweza m'chiuno kawiri.

Tsono kwathu kuno mwamuna akamaonda uku akutuluka thukuta, anthu sadikira dokotala. Matendawo amakhala atawadziwa kale, ndipo maso onse amatembenukira kwa mkazi. Tinakayezetsa tonse awiri, kawiri konse, osapezeka ndi kanthu. Koma kodi ungamate pepala pamphumi n'kumazungulira nalo msika wonse?

Ku chipatala chachikulu anawatenga magazi, anawatenga mkodzo, anawajambula m'mimba, mpaka tsiku lina dokotala wamkazi, wamng'ono kwa ine, anatikhazika pansi. Analankhula nthawi yaitali, modekha, ndipo iye cholakwa alibe. Ine nditangomva kuti opaleshoni, makutu anga anatsekeka. Zimene zinalowa ndi izi zokha: amuna anga amwe mapiritsi masabata awiri osadumphitsa kuti magazi asiye kuthamanga, kenako Lachinayi la sabata yachitatu awachite opaleshoni, ndipo tikazengereza tsiku lina adzangogwa osadzukanso. Anatifunsa ngati tili ndi funso. Ine ndinati andilembere dzina la matendawo, basi.

Titatsika minibasi pobwerera, amuna anga anatsegula pakamwa.

"Mayi, mpeni sundikhudza atsibweni asananene."

"Thupi ndi lanu, bambo. Akukadulidwa ndani, atsibweni kapena inu?"

"Thupi ndi langa, koma ine ndili ndi eni ake."

Ndinkadziwa kuti sakunama. Kwa ife mkazi ndi wodwazika chabe. Wochapa ndiwe, wophika phala ndiwe, wopukuta thukuta ndiwe, koma wodwalayo ali ndi eni ake: amayi ake, alongo ake, ndi atsibweni ake, mlongo wa amayi akewo, amene ndiye mwini mbumba. Matenda akakula umagwada pamaso pawo n'kulongosola zonse, pamene anayambira mpaka pamene afika. Akakhutira amakusiyira wodwala. Akapanda kukhutira amamunyamula, iwe n'kutsala ndi mbale zako.

Madzulo omwewo ndinaimbira foni mlamu wanga, mlongo wamkulu wa amuna anga, amene amakhala ku Chilenje, mu Lusaka momwemuno. Ine ndi iyeyo sitinamwerane madzi chikwatiwire changa.

"Akuti ndi matenda anji, mulamu?" anafunsa.

Ndinatambasula kapepala kaja. Ndinakayang'ana, nako kanandiyang'ana.

"Akuti pha... pha-e-o... chi..."

"Mwati chani?"

"Dikirani, alamu, ndi lalitali."

"Mulamu, miyezi yonseyi mukuyenda ku chipatala, dzina la matenda a amuna anu osalidziwa? Kambani chabe zoona. Masiku ano mankhwala aliko, si zochititsa manyazi."

Ha! Foni ija ndinatsala pang'ono kuimenyetsa kukhoma. M'mawa mwake anaimba yekha, mawu ali ozizira bwino, kundiuza kuti wadziwitsa kumudzi. Apongozi anga ndi atsibweni afika Loweruka la sabata yachiwiri. Ngati nkhani yanga sikumveka, wodwala apita nawo ku Katete, akamuone okha. Ku Katete! Ulendo wa tsiku lathunthu, munthu wongogwa ndi thukuta, ndipo Lachinayi la opaleshoni lija likadutsa ali pamphasa kumudzi.

Ndinalumbira ndili chiimire pakhonde kuti dzina limenelo ndidzalitchula pamaso pawo lonse, losalala, lopanda chibwibwi, mlamu wangayo adzameze malovu. M'mutu mwanga nkhani inali yomweyo: akamva dzina likutuluka bwino, adzadziwa kuti sindikubisa kanthu, ndipo mwamuna wanga adzamusiya.

Poyamba ndinaliwerenga monga ndinaphunzirira kuwerenga. Pha ngati phala, chi ngati chala, chilembo chilichonse ndi ntchito yake. Linatuluka kuti pha-e-o-chi-ro-mo-chi-to-ma. Amuna anga, odwaladwalawo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, amenewo ndi matenda kapena mukuitana mbuzi?"

"Tchulani inu, eni matenda."

Anangotembenukira kukhoma, phewa likugwederabe.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye ine ndinayamba kufunsa. Ndinakwera minibasi kupita m'tauni kukagula ulusi, n'kulowa m'sitolo ya mankhwala. Munali bambo wina wovala khoti loyera, cholembera chili kukhutu. Anatenga kapepalako, anakayandikitsa kumaso, anakatalikitsa, kenako analithamangitsa liwulo kuti ndisaone pamene akupunthwa.

"Fayo-kuromo-sito-ma."

"Bwerezani pang'onopang'ono, abambo."

"Amai, mufuna kugula kapena chani? Kuli laini kumbuyo kwanu."

Ndinatuluka ndi fayo wangayo, ndikumubwereza njira yonse kuti asandithawe. Ndinadabwa kuti pha wasanduka fa, koma ndinati munthu wa khoti loyera sangandinamize.

Patapita masiku awiri ndinapita ku Woodlands kukapachika makatani kwa dona wina, kasitomala wanga wakale, amene anakhalako ku Mangalande ndipo salola kuti uiwale zimenezo. Ndili chogwada pansi kupinda mpendero, mapini ali kukamwa, ndinati ndimuonetse nzeru zanga zatsopano. Ndinachotsa mapini n'kunena fayo-kuromo-sito-ma. Donayo anagwira pachifuwa ngati ndamutukwana.

"Iyayi, iyayi, iyayi! Ndani anakuphunzitsani zimenezo? Si fayo, ni fii-o. Si sito, ni sai-to. Ndipo mawu mukweze pa to, osati poyambirira."

Anatulutsa foni yake, anadinadina, foniyo n'kulitchula ndi mawu a mzungu wamkazi. Anadinanso pena, kunabwera mzungu wamwamuna, nayenso ndi katchulidwe kake kolowera m'mphuno. Donayo anati woyambayo ndiye wolondola, winayo ndi wa ku Amereka, ndisamumvere. Anandibwerezetsa kasanu ndili chogwada, iye ataima pamwamba panga akugwedeza chala. Ndinkafuna kumufunsa kuti ngati azungu eni ake sakugwirizana, akuzunziranji ine mwana wa ku Kabwata, koma makatani anali asanathe ndipo kasitomala sayankhidwa. Ndinameza.

Tsopano ndinali ndi matchulidwe anayi, langa lija, la khoti loyera, ndi a azungu awiri, ndipo masiku anali kutha. Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera minibasi ziwiri, ya m'tauni ndi ya ku Chelstone, kupita kwa msuweni wanga amene ndi namwino. Ndi mwana wa azakhali anga, ndipo timanyozana chibadwire, monga asuweni achitira.

"Iwe mbuli, bwera kuno," anatero ataona kapepalako. Anang'amba tsamba la kalendala yakale, analitembenuza, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu: fi, o, kro, mo, sai, to, ma. "Zidutswa zisanu ndi ziwiri. Usalimeze lonse, lidule ngati nzimbe."

Anandiuza kuti liwulo si la Angerezi n'komwe. Analibwereka kwa Agiriki, monga ife tinabwerekera buledi ndi sopo, koma iwo anasunga malembedwe akalekale n'kumatchula zawozawo. Ndiye m'mawu a kuchipatala p akagundana ndi h amakhala f, c akagundana ndi h amakhala k.

"Ndiye phiri tiziti firi?" ndinamufunsa. "Chala tiziti kala?"

"Chako ndi Chichewa, ichi ndi china."

"Nanga a uyu pakati pa h ndi e akutani? Sindinamumve."

"Wangokhala. Satchulidwa."

"Ngati satchulidwa analembedwa chifukwa chiyani? Inki inawachulukira?"

Anaseka n'kunena kuti zimenezo n'zochepa. Dzina la chibayo limayamba ndi p amene palibe amamutchula. Dzina la matenda otsegula m'mimba lili ndi r awiri ndi h pamwamba, ndipo iye mwini, zaka zonsezi ali pantchito, amayamba waima kaye asanalilembe. Kusukulu ya unamwino, anatero, anzake ena ankalira misozi chifukwa cha mawu amenewa. Ine ndinati anthu amene amalemba china n'kutchula china si anthu owakhulupirira, ndipo sindinasinthe maganizo mpaka pano.

Kenako anaika chala pa chidutswa chomaliza, nkhope yake n'kusintha.

"Koma wamva tanthauzo lake? Ukamva liwu likuthera ndi oma, nthawi zambiri ndi chotupa. Adokotala anakuuza kuti chili pati? Anati akachichotsa zimatha bwanji?"

Ndinaimirira, ndinamanga chitenje.

"Ine ndabwerera katchulidwe, osati ulaliki. Minibasi za m'tauni zindithera."

"Msuweni, khala pansi."

Sindinakhale. Ndinamumva bwinobwino, koma ndinapinda tsamba la kalendala lija n'kutuluka, tiyi amene ananditsirira ndisanamukhudze.

Zidutswa zisanu ndi chimodzi zinagonja msanga. Chimene chinandivuta ndi chachitatu, kro. Lilime langa silinazolowere kulumpha kuchoka pa k kufika pa r popanda popondera pakati. Ife timati sukulu, timati buledi, timati petulo, liwu lililonse timaliika mipando kuti lipume. Ndikati ndinene kro, pakamwa pankatuluka kolo. Ndikalimbikira pankatuluka kuro. Msuweni anali atandichenjeza kuti ndikawonjezera kachidutswa kamodzi zikhala zisanu ndi zitatu, ndipo aliyense wodziwa adzamva kuti ndikungoyerekeza.

Ndiye ndinalipereka kwa makina. Makina anga ndi opalasa ndi phazi, chifukwa magetsi a pamsika sungawadalire. Kupalasa kumodzi, chidutswa chimodzi. Fi, o, kro, mo, sai, to, ma, n'kudula ulusi. Fi, o, kro, mo, sai, to, ma, n'kutembenuza kolala. Ndikanena kolo phazi linkaphonya, ndiye ndinkadziwa kuti ndalakwa. Kuyambira m'mawa mpaka kuweruka milomo inkangoyenda.

Mayi wa shopu yoyandikana ndi yanga, Mbemba wa kumigodi ku Kopala, woluka tsitsi, anasuzumira tsiku lachitatu.

"Shani, ba neba? Mwayamba malilime? Ku Reformed nakonso mzimu wafika?"

"Ndisiyeni, ndikuphunzira."

"Ba dokota!" anakuwa kuti mzere wonse umve. Dzinalo linandikakamira. Ngakhale wogulitsa makala ankandipatsa moni kuti ba dokota. Sabata imeneyo ndinasoka thumba la malaya mkati m'malo mwa kunja, ndipo diresi lina ndinalitseka mkono, mwana wa eni ake n'kulephera kutulutsa dzanja. Zaka zonse ndasoka sindinachitepo zimenezo. Ndinasomola ndikutukwana Agiriki amene sindinawaonepo.

Lachinayi masana ndinabwerera kunyumba kukawapatsa amuna anga mapiritsi, n'kuwapeza chawagwiranso. Ndinawakhazika pampando, ndikuwapukuta ndi thaulo, osadziwa kuti milomo yanga ikuyendabe. Chitawasiya anandiyang'ana.

"Mukupemphera kapena mukuloweza?"

"Zonse ziwiri."

Kenako anati, "Mayi, kodi paja adokotala anati chiyani za pambuyo pake? Ine sindinamve bwino."

"Mukundifunsa ine? Simunali pomwepo? Ndili ndi ntchito, bambo, musandisokoneze."

Ndinawakalipira munthu wodwala, n'kutuluka kukatsuka kapu yoyera kale.

Loweruka linafika. Anabwera cha m'ma teni, pa kagalimoto kotsegula kumbuyo ka amuna a mlamu wanga. Nditasuzumira pazenera ndinaona kuti kumbuyoko ayalamo kale matiresi ndi bulangeti. Anthu asanamve n'komwe nkhani yanga, pogona wodwala pakonzedwa! Ndinabweza katani n'kupita kukawatsegulira chitseko.

Atsibweni ndi munthu wofatsa, anali mlangizi wa zaulimi asanapume, ndipo amayenda ndi kabuku m'thumba la jekete ndi magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Anakhala pampando waukulu. Amuna anga anakhala pambali pawo. Mlamu anakhala pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo ngati wokonzeka kunyamuka. Apongozi anga anakana mpando, anayala chitenje pansi n'kutambalala. Ndi mayi wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula, sukulu sanapiteko, ndipo zaka zonsezi sindinkadziwa ngati amandikonda kapena amangondipirira.

Titapemphera, atsibweni anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Apongozi, tabwera. Tiuzeni mmene mwayendera ndi mwana wathu."

Ndinagwada. Ndinalongosola kuyambira thukuta loyamba, thalauza lobwezedwa, kuyezetsa kawiri, magazi, mkodzo, kujambula. Mlamu ankangoyang'ana kudenga. Nditafika pa dzina ndinapuma, phazi langa kumbuyoko linayamba lokha kupalasa pansi, ndipo ndinalitulutsa.

"Fiokromosaitoma."

Ayi ndithu, linatuluka. Kro anadutsa osapunthwa, mawu anakwera pa to monga anafunira dona wa ku Woodlands. Ngakhale mzungu wa m'foni uja akanaombera m'manja. Ndinamuyang'ana mlamu m'maso.

Atsibweni anavala magalasi, anatsegula kabuku, anandipempha kuti ndibwereze. Ndinabwereza, losalala kuposa poyamba. Anayesa kulemba, analeka.

"Mwaloweza bwino, mulamu," anatero mlamu wanga. "Tsiku lija munkachita chibwibwi. Anakuphunzitsani ndani?"

Kalanga ine! Ndikachita chibwibwi ndikubisa, ndikatchula bwino ndaphunzitsidwa bodza. Magazi anandithamangira kumutu, ndipo mawu amene ndinali nditamukonzera sakanatheka kubwezedwa. Koma ndisanatsegule pakamwa apongozi anakweza dzanja pang'ono.

"Dzinalo ndalimva, mwana wanga," anatero. "Ndi lalitali ndithu. Tsono ine funso langa ndi limodzi. Akamung'amba, adzadzuka?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga, ndipo munali zidutswa zisanu ndi ziwiri basi. Ndinali nditafika m'tauni, ku Woodlands, ku Chelstone, ndikudzitama kuti safunsa anadya phula, koma funso limeneli sindinamufunse aliyense. Dokotala anandipatsa mpata, ndinapempha kapepala. Msuweni anayamba kundiuza, ndinathawa. Mwamuna wanga anandifunsa, ndinamukalipira. Phula ndinadya ndine.

"Sindikudziwa, amayi," ndinatero.

"Adokotala sananene?"

"Mwina ananena. Sindinamve. Sindinafunse." Ndinaweramitsa mutu. "Ndimaopa. Ndimaopa kuti andiuza kuti sadzadzuka, ndiye ine ndidzatani? Dzinali ndiye ndimatha kulimbana nalo."

Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwaulemu kwa mkamwana pamaso pa apongozi. Kunali kulira kokwiya, kwa mamina, ndikumenya pansi ndi chikhatho. Ndinadzikwiyira ndekha, ndinakwiyira mlamu, Agiriki, ndi matiresi aja panja. Ndinadziwa kuti ndaluza. Wodwazika amene sadziwa ngati wodwala wake achira, ndani angamusiyire munthu?

"Mwamva nokha," anayamba mlamu. "Ine ndimanena..."

"Khala chete, iwe," anatero apongozi, osakweza mawu. Anasendera pachitenje chawo mpaka anandifika, n'kundigwira pamkono. Dzanja lawo linali lokhakhala ngati chitsononkho cha chimanga chouma. "Wobisa matenda salira chonchi. Uyu akuopa chimene ndikuopa ine. Ndabwera njira yonse osafunsa munthu, kuopa yankho lomwelo." Anatembenukira kwa atsibweni. "Achimwene, kuchipatala abwereranso liti?"

Amuna anga anayankha kuti Lolemba, kukayezetsa kuthamanga kwa magazi.

"Tipita tonse. Ndikafunsa ine, ndilibe Chingerezi choti chindichititse manyazi. Matiresi awo tsitsani, ndigonapo ine."

Lolemba tinadzaza kachipinda ka dokotala, anthu asanu. Apongozi anakhala kutsogolo, manja ali pamaondo, n'kufunsa funso lawo lija mmene analifunsira kunyumba, osawonjezera kanthu. Dokotala anatenga pepala, anajambula kanthu konga nyemba, n'kuika kadontho pamwamba pake.

"Amama, iyi ni impso. Apa pamwamba pamela kachotupa. Kamathila vinthu mu magazi vothamangitsa mtima, ndiye thukuta na mutu. Tikakachotsa, ambili amachila bwino. Ngozi iliko, siningakunamizeni, ndiye chifukwa tayamba na mapilitsi. Koma kukasiya ndiye ngozi ikulu."

Basi. Chinyanja cha m'tauni chomwechi, chimene ndimagulira tomato pamsika wa Soweto. Apongozi anagwedeza mutu. Atsibweni anafunsa mafunso awiri, analemba m'kabuku kawo, anavula magalasi n'kunena kuti, "Achite." Amuna anga anapuma mpweya wautali, n'kusaina.

Ine ndinali kudikirabe kuti dokotala atchule dzina lija, ndimve ngati kro wanga akufanana ndi wake. Sanalitchule ngakhale kamodzi. Tikunyamuka, dokotala mnzake anasuzumira pakhomo, faelo ili m'manja.

"Aba ndiye ba fiyo?"

"Ee, ni fiyo wa pa Chinayi."

Fiyo! Zidutswa ziwiri! Eni ake a liwulo, anthu amene anapita kusukulu zaka zonsezo, amaliduliratu mchira n'kutaya. Ine ndathyola lilime masabata awiri, ndatseka mkono wa diresi la mwana wa eni, ndagwadira dona, msika wonse ukunditcha ba dokota, chifukwa cha zidutswa zisanu zimene iwo sazifuna n'komwe. Ndikanakhala ndekha ndikanakuwa. Ndinaluma mlomo mpaka tinatuluka pageti.

Lachinayi m'mawa anawalowetsa amuna anga ku opaleshoni. Anawaveka chovala chotsegula kumbuyo, chosokedwa moipa kwabasi, ndipo ndinawauza choncho kuti ndisanene zina. Chitseko chitatsekedwa tinakhala pabenchi panja, ine ndi apongozi. Atsibweni anapita kukayendayenda, mlamu anali pa foni kumapeto kwa khonde.

Patapita nthawi apongozi anandikodola.

"Mwana wanga, tanenanso dzina lija. Pang'onopang'ono."

"La chiyaninso, amayi? Si mwamva kuti eni ake amangoti fiyo?"

"Ndikufuna kupemphera. Ndimuuze Mulungu dzina lonse, asakasokoneze ndi matenda a munthu wina. Muno odwala ndi ambiri."

Ndinawapatsa chidutswa chimodzichimodzi, ndikuwerenga pa zala zawo. Anatseka maso, anaweramitsa mutu, ndipo ndinawamva akunong'ona.

"Atate, mwana wanga ali m'katimo. Matenda ake akuti ndi fiyo-kolomo-sayi-toma. Inu mukuwadziwa."

Kolomo. Chidutswa chowonjezera chija, chimene ndinalimbana nacho pamakina mpaka phazi kutupa. Lilime langa linanyamuka lokha kuti liwakonze, monga anandikonzera dona, monga anandikonzera msuweni. Ndinalibweza. Ndinatseka maso nanenso, ndipo pamene anabwereza ndinanena nawo limodzi, kolomo yemweyo.

Dzuwa litapendeka namwino anatuluka, chophimba kukamwa chili pakhosi, n'kufunsa kuti abale a bambo a mafiriji ndi ati. Anati adzuka, ndipo akuvutitsa kale kuti akufuna tiyi.

Apongozi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kundigunda ndi chigongono.

"Waona? Mulungu wamva."